Pemphero la mzinda wa Beira mvula isanayambe

Abale ndi alongo a kuno ku Beira, ndi inu a ku Tete, Angonia, Dedza ndi Blantyre amene mafuta ndi feteleza wanu amatsikira pa doko lathu, tiyeni tiweramitse mitu tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaikira nyanja malire n'kuiuza kuti ifike apa isapitirire, tabwera pamaso panu titanyamula mzinda wathu. Mukuudziwa, Ambuye. Mukudziwa kuti unakhala pamatope ndi pamchenga pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo madera ena ndi otsika kuposa madzi a m'nyanja ikadzaza. Mukudziwa kuti tinapitirira kale theka la miliyoni ndipo tikuchulukirabe, pakuti tsiku lililonse wina akutsika basi ndi kachikwama kake kudzafuna ganyu kudoko. Onsewa ndi anu.

Simunatisiye usiku wa pa 14 Marichi 2019 pamene namondwe wa Idai anasasula malata, kugwetsa mapolo a magetsi, kudula msewu wopita ku Chimoio. Simunatisiye kolera itabwera pambuyo pake. Namondwe wa Eloise atabwera mu Januwale 2021 munalipo. Tili moyo chifukwa cha chifundo chanu, ndipo tikuti zikomo, zikomo Yehova.

Lero tikupempherera amene munawapatsa mpando kukhonsolo. Tikupempherera meya wathu, bambo Albano Carige, ndi onse okhala nawo pa zokambirana za ndalama za mzinda. Mawu anu amatilamula kupempherera olamulira, ndipo tikumvera. Apatseni mtima umene Solomo anapempha. Bajeti ikafika patebulo, aliyense akukokera kwake, akumbutseni ngalande, Ambuye. Ngalande choyamba. Tikudandaulira Inu, tikuchonderera, ngalande choyamba.

Inu mukuona mmene zimakhalira ku Munhava, ku Manga, ku Chota mvula ikagwa usiku wonse nyanja ili yodzaza. Zitseko za ngalande sizingatsegulidwe mpaka nyanja itaphwa, ndiye madzi amasowa kolowera, amabwerera m'nyumba zathu. Mayi amakweza thumba la ufa ndi mbaula pabedi, mwana kumsana, iye chiimire m'madzi ofika m'mawondo mpaka kuche. Zimbudzi zimasefukira, zonyansa n'kusakanikirana ndi madzi omwe ana adutsemo m'mawa popita kusukulu, nsapato zili m'manja. Pakatha sabata udzudzu wabadwa, mzere wa malungo wafika panja pa chipatala. Atate, ana amenewa alakwa chiyani? Imvani kulira kwawo. Imvani kulira kwa amayi awo. Musatikhalire chete.

Tikuyamika pa zimene zinachitika kale. Mtsinje wa Chiveve, umene unasanduka dzala lonunkha pakati pa tauni, unatsegulidwanso nthawi ya meya wakale, malemu Daviz Simango, ndipo lero madzi amalowa ndi kutuluka, anthu amapumula m'mbali mwake. Damu losungira madzi a mvula linakumbidwa ku Maraza. Munaonetsa kuti n'zotheka. Tsono ntchito imeneyi isathere pakati pa tauni pokha, Ambuye. Ifike kwa ife a m'makwalala opanda dzina. Ndipo zomangidwa kalezo zipeze wozisamala, wochotsa mchenga ndi matope chaka ndi chaka, ngakhale ntchito yotere ilibe wodula riboni kapena woimba m'manja.

Koma inu abale, ndikulankhula ndi inu tsopano, musatseke makutu! Ndani amataya mabotolo, majumbo ndi matewera m'ngalande usiku? Ndi a khonsolo? Timapemphera Lamulungu kuti madzi asalowe m'nyumba, Lolemba tikukhuthulira zinyalala momwe madziwo akanadutsa. Mulungu sanyozeka! Ndipo iwe amene ukugulitsa mapoloti m'dambo, ukudziwa bwino kuti pamenepo ndi njira ya madzi, ukulandira ndalama ya mkazi wamasiye kuti amange pomwe adzamire, lapa. Iwe wosaina chikalata utalandira ya m'thumba, lapa. Amene ukudula mitengo ya m'matope a m'mbali mwa nyanja n'kuotcha makala, ukugwetsa mpanda umene Mulungu anatimangira yekha. Tikhululukireni, Atate, tikhululukireni tonse.

Kumbukiraninso asodzi a ku Praia Nova, amene nyanja ikuwadyera malo pang'onopang'ono. Atsogoleri akamanga zotchinga mafunde, asaiwale gombe la osauka. Akaganiza zosamutsa anthu, awapezere malo okwera, okhala ndi madzi, sukulu ndi njira yofikira kuntchito, osati kungowataya kutchire. Kumbukirani mabanja odzaza m'chinyumba chakale cha Grande Hotel.

Madzi akumwa, Ambuye, mipopi isamaume. Galimoto zotola zinyalala zizifika. Misika ikhale ndi zimbudzi. Misewu imene mathiraki a kudoko akuikumba ikonzedwe.

Doko ili limadyetsa Malawi, Zimbabwe ndi Zambia. Chuma chimadutsa pakhomo pathu usana ndi usiku. Tikupempha kuti boma la ku Maputo ndi khonsolo yathu amvane pa za mzinda uno ngakhale zipani zili zosiyana, pakuti madzi akamalowa m'nyumba safunsa kuti unavotera ndani. Msonkho wa mayi wogulitsa tomato pamsika ubwerere kwa iye ngati ngalande yoyera ndi nyali ya mumsewu. Dzanja lofuna kuba ndalama zimenezi ligwidwe manyazi.

Munauza anthu anu ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo. Ifenso tikuufunira mtendere Beira. Tikudziwa kuti mukapanda kusunga mzinda Inu, mlonda amangochezera pachabe. Usungeni, Ambuye. Dzutsani a Nehemiya m'maofesi a khonsolo, anthu olira akaona linga lagumuka, osagona mpaka litamangidwa. Mitambo yayamba kale kusonkhana. Limbitsani manja a okumba ngalande kuti amalize mvula isanagwe, ndipo namondwe wa chaka chino mumupatutse.

M'dzina la Yesu Khristu Mpulumutsi wathu, Amen.