Blockchain ya chilolezo ingatithandize, koma siibala madola

Masamba a tiyi amene amathyoledwa m'mawa kuno ku Thyolo amayezedwa pasikelo tsiku lomwelo, koma ndalama ya wogula wa ku London imatha masiku ikudutsa m'mabanki apakati, iliyonse ikudulapo yake, isanafike ku Limbe. SWIFT, njira yolumikiza mabanki a maiko osiyanasiyana imene inayamba mu 1973, imangonyamula uthenga wa malipiro. Ndalamayo imasuntha mabanki akamaliza kufananitsa mabuku awo.

N'chifukwa chake ine ndimaikira kumbuyo blockchain yolowa ndi chilolezo, monga Hyperledger Fabric. Blockchain ndi kaundula wa malipiro wosungidwa pa makompyuta ambiri nthawi imodzi. Kusiyana kwa yachilolezoyi ndi ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, n'koti mlendo salowamo chisawawa. Ili ngati buku la banki m'khonde: mamembala amadziwana, aliyense amaona zimene zalembedwa, ndipo mlembi sangafute mzere usiku anzake atagona, chifukwa aliyense ali ndi buku lake lofanana ndi la mnzake.

Pa nkhani ya malamulo ndi pamene ubwino wake ukuonekera. Bungwe la FATF, lolimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo padziko lonse, limafuna kuti dzina la wotumiza ndi la wolandira liziyenda limodzi ndi ndalama, ndipo mu 2019 linafikitsa lamuloli ku ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Kwathu kuno tili ndi Financial Crimes Act ya 2017, pamodzi ndi Financial Intelligence Authority imene imalondola ndalama zokayikitsa. Reserve Bank itapatsidwa mpando m'kaundula wotere, bwenzi ikuona yokha ngati madola a tiyi wotuluka m'dziko abwereradi, m'malo modikira mulu wa mapepala.

Komabe tisanamizane. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chifukwa ndalama zakunja zinali zitasowa, ndipo kaundula, ngakhale athamange chotani, sangalipire feteleza ndi madola amene kulibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mlonda wa pachipata. Mawu oti chilolezo akutanthauza kuti pali wina wopereka chilolezocho, ndipo ngati makiyi ali ndi mabanki akuluakulu akunja, banki yaing'ono ya kuno ingatsekeredwe kunja ponena kuti kuiyang'anira n'kodula. Ine ndikadakonda kuti tiyesere kaye m'chigawo chathu, pamene mabanki aakulu a maiko a SADC akulipirana kale m'marandi kudzera mu njira yolipirana yotchedwa SADC-RTGS kuyambira 2013, chifukwa patebulo limenelo Reserve Bank ili ndi mawu.