Chenjezo: musalange mwana chifukwa chokwiyira achipatala

Makolo anzanga, agogo, ndi inu achinyamata amene foni siichoka m'manja, pali khalidwe limene latilowerera chibwerereni Covid-19, ndipo liyenera kudzudzulidwa poyera. Munthu walandira uthenga wa mawu pa WhatsApp woopseza anthu za katemera wa ana, wolankhulayo sakumudziwa ngakhale dzina, koma asanamalize n'komwe kumvetsera wautumiza kale ku gulu la mpingo ndi la banja. Mawa lake mayi wina sapita kusikelo. Khadi la mwana limakhala pansi pa sutikesi, mizere ya katemera ili yosalemba.

Kukayikira achipatala sikunagwe kumwamba, ndipo sitikukunenani kuti ndinu opusa. Mu 1996 kampani ya Pfizer inayesera mankhwala otchedwa Trovan pa ana ku Kano, m'dziko la Nigeria, pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo anadzadandaula kuti sanauzidwe bwino zimene zinkachitika. Nawonso katemera wa Covid anali ndi zovuta zake zenizeni. Wa AstraZeneca ankachititsa magazi kuundana mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo wa Pfizer ankatupitsa mnofu wa mtima mwa anyamata ena, ambiri mwa iwo n'kuchira. Koma funsani kuti anatulukira zimenezi ndani. Ndi madokotala omwewo, powerenga odwala mmodzimmodzi, n'kulengeza poyera. Zija za 666, zoti obayidwa onse afa pakatha zaka ziwiri, zoti amayi sadzaberekanso, zili kuti lero? Obayidwawo tikudya nawo nsima, ena abereka kawiri. Pa 19 May 2021 boma linawotcha katemera 19,610 wotha ntchito ku Kamuzu Central Hospital, anthu akuonerera. Katemerayo anafika masiku ake atatsala ochepa, ndiye mantha aja anachititsanso kuti mizere ya obayitsa ikhale yaifupi. Izi zinachitika patangopita miyezi inayi kuchokera pamene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matenda omwewo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mkwiyo wa nthawi ya Covid tsopano wasamukira pa makanda. Bodza limene likuyenda ndi lakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena. Bodza limeneli lili ndi mwini wake. Mu 1998 dokotala wa ku London, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za ana 12 okha. Mtolankhani Brian Deer atafufuza anapeza kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera mwa maloya amene ankakonza zosumira makampani opanga katemera, komanso kuti zimene analemba zinkasiyana ndi zimene zinali m'mafayilo a anawo kuchipatala. Mu 2010 The Lancet inachotsa nkhaniyo, ndipo iye anamulanda chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Ku Denmark anatsatira ana 657,461, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019: obayidwa ndi osabayidwa, autism inkapezeka mofanana. Ku Japan anasiya katemera wa MMR, wophatikizamo wa chikuku, mu 1993, koma mumzinda wa Yokohama chiwerengero cha ana opezeka ndi autism chinapitirirabe kukwera. Ana 12 mbali ino, ana oposa theka la miliyoni mbali inayo, inu n'kusankha kumvera uthenga wa munthu wopanda dzina!

Nanga bwanji mayi amalumbira kuti mwana wake anasintha atangobayidwa? Mayiyo sakunama, waonadi kusintha. Vuto ndi nthawi. Katemera wa chikuku kuno amabaya mwana ali ndi miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Zizindikiro za autism nazo zimayamba kuonekera pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri, chifukwa m'pamene timayembekezera kuti mwana ayambe kulankhula ndi kusewera ndi anzake. Zili ngati zija timati mano ndiwo amatsegula mwana m'mimba, pamene zoona zake n'zakuti nthawi yomera mano ndi yomwenso mwana amakwawa n'kumatola chilichonse kuika m'kamwa. Autism imayamba ubongo ukamaumbika, mwana adakali m'mimba, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a kumtundu. Sikulodzedwa, si chilango, komanso si kulakwa kwa mayi. Ena amaloza ku America kuti taonani, mu 2000 anali mwana mmodzi mwa 150, pofika 2020 mmodzi mwa 36. Chachikulu chimene chinasintha ndi kawerengedwe: tanthauzo la autism analikulitsa, ndipo ana amawayeza ali aang'ono. Kwathu kuno ana otere analipo kuyambira kale, timangowatchula mayina achipongwe n'kuwatsekera m'nyumba alendo akabwera.

Tsono mverani bwino zoyenera kuyang'ana, chifukwa pamene mukukangana za katemera, mwana wofunika thandizo akukula. Mwana wa chaka chimodzi mukamuitana dzina lake kuchokera kumbuyo ayenera kucheuka. Pofika chaka ndi theka ayenera kuloza ndi chala nkhuku kapena galimoto n'kukuyang'anani kumaso kuti muone naye limodzi. Mwana wa autism kawirikawiri saloza. Amagwira dzanja lanu n'kuliika pa chivundikiro cha ndowa ngati dzanjalo ndi chipangizo, osakuyang'anani. Akafika miyezi 16 opanda liwu ndi limodzi lomwe, kapena zaka ziwiri osalumikiza mawu awiri monga "amayi madzi", pitani naye. Mwana amene ankati "tata" ndi "mama" kenako n'kusiya, musadikire n'komwe. Ena amandanditsa zitsekerero za mabotolo pamzere kwa nthawi yaitali n'kulira koopsa mukasuntha chimodzi, ena amatseka makutu akamva chigayo, ena amadya chakudya cha mtundu umodzi wokha. Chizindikiro chimodzi pachokha sichitanthauza autism, n'chifukwa chake woyeza ayenera kukhala wachipatala, osati gulu la pa Facebook.

Yambirani pachipatala chapafupi, mutatenga buku la mwana, ndipo pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa ana. Choyamba ayezedwe makutu, chifukwa mwana wosamva nayenso sacheuka ndipo salankhula. Nenani ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, ngati amakomoka, kapena ngati anachedwa kulira pobadwa. Jambulani kanema wamfupi pafoni mwana akusewera kunyumba, chifukwa m'chipinda cha dokotala ana amachita chilendo. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa autism. Dokotala amaona khalidwe la mwana ndi kumva mbiri yake, choncho musakwiye akakuuzani kuti mubwerenso. Mukapeza namwino wamwano, pakuti alipo, kadandauleni kwa akuluakulu a pachipatalapo, koma tsiku lobwereranso lisakupiteni.

Mankhwala ochiza autism kulibe. Amene akukugulitsani botolo lochiza ndi wakuba. Pali madzi ena otchedwa MMS amene amatsatsidwa pa intaneti. Ndi mankhwala a mtundu woyeretsera zovala, amawotcha kukhosi ndi m'matumbo mwa mwana. Ku America, mu 2005, mwana wa zaka zisanu anamwalira akumupatsa mankhwala ati ochotsa zitsulo m'magazi. Kutema mphini, kumusalitsa kudya, kumumenya kuti alankhule, zonsezi n'kuzunza mwana wosalakwa. Chimene chimathandiza n'chosaoneka bwino pamaso koma chimagwira ntchito: kukhala naye pamphasa maso ndi maso, mawu afupiafupi obwerezabwereza, zithunzi zomuonetsa chimene chikubwera, ndondomeko ya tsiku yosasinthasintha, ndi kumulembetsa sukulu osati kumubisa. Mukayamba ali wamng'ono, zimayenda bwino koposa.

Ndiye pali ichi chimene makolo ena akuchita: mwana wamkulu akapezeka ndi autism, wamng'ono amamukaniza katemera. Mwapulumutsa chiyani? Autism simunaitchinge, koma chikuku mwachitsegulira chitseko. Wodwala chikuku mmodzi angapatsire anthu 12 mpaka 18 osatetezedwa, ndipo kachilombo kake kamatsala mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri iye atatuluka. Chimabweretsa chibayo, khungu, ndi kutupa kwa ubongo. Mu 2010 kuno ku Malawi chinagwira anthu pafupifupi 134,000 n'kupha oposa 300. Ku Samoa, mu 2018, anamwino analakwitsa posakaniza katemera ndi mankhwala ena, makanda awiri n'kumwalira. Kulakwa kunalipodi, ndipo anamwinowo anamangidwa. Koma katemera wa ana atatsika, chaka chotsatira chikuku chinapha anthu 83, ambiri ana osakwana zaka zisanu. Zinafika poti boma linauza mabanja osabayitsa kuti apachike nsalu yofiira pakhomo kuti achipatala adziwe poima.

Akabayidwa katemera wa chikuku, mwana angatenthe thupi patapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mwina n'kutuluka totupa tochepa. Zimatha zokha, muyamwitseni pafupipafupi. Mukabayitsa khalani kaye pachipatalapo mphindi 15, chifukwa vuto la thupi kukana mankhwala, limene limagwera mwina mmodzi pa miliyoni, limaonekera nthawi yomweyo ndipo mankhwala ake amakhala pomwepo. Akakomoka, akamabanika, kapena akakana kuyamwa, thamangani naye. Ndipo ngati mwana wanu anadumpha katemera m'zaka za Covid zija, sayambiranso poyamba ayi. Tulutsani khadi lija m'sutikesi, mukawaonetse alangizi a zaumoyo sabata ino, apitirize pamene analekezera.