Centralia sinaphedwe ndi moto wokha

Zithunzi za tawuni ya Centralia, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, anthu amazigawana ngati nthano ya mizukwa: msewu wong'aluka, utsi ukufuka m'nthaka, misewu yopanda nyumba m'mbali. Ine zimandiwawa, chifukwa kumeneko kunali kwawo kwa anthu, ndipo zimene zinawagwera si matsenga ayi: ndi moto umene ukuyaka m'migodi ya malasha pansi pa tawuniyo.

Tawuniyi inabadwa chifukwa cha malasha. Inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1866, ndipo pa kalembera wa 1890 munali anthu 2,761, ambiri mwa iwo mabanja a anthu ogwira ntchito m'migodi. Munali matchalitchi 7, mahotela 5, banki, positi ofesi. Koma malasha atayamba kutsika mtengo, makamaka chuma chitagwa mu 1929, makampani anatseka migodi n'kumapita. Anasiya chiyani? Ngalande zapansi zosawerengeka, zosakwiriridwa, zoyenda kunsi kwa nyumba za anthu. Abambo ochotsedwa ntchito ankalowamo mobisa kukakumba malasha otsala kuti ana adye, ena mpaka kugumula zipilala za malasha zimene zinkachirikiza denga la mgodi. Sindingawadzudzule, njala ilibe manyazi. Pofika 1960 anthu anali atatsala pafupifupi 1,400. Ndiye kuti moto usanayake n'komwe, pafupifupi theka la anthu linali litapita kale.

Motowo unayamba mu Meyi 1962. Ambiri amavomereza kuti unachokera kudzala la zinyalala la tawuniyo, lomwe linali m'dzenje la mgodi wakale pafupi ndi manda. Anatentha zinyalala, moto n'kulowerera pa mpata wosatsekedwa mpaka kukagwira malasha pansi. Apa ndi pamene mtima wanga umapsa. M'miyezi yoyambirira ija motowo unali waung'ono. Anayamba kuukumba kuti auchotse, ndalama zinatha ntchito ili pakati. Anayesa kuthiramo madzi osakaniza ndi miyala yogaya, ndalama zinathanso. Moto sudikira kuti akuluakulu amalize kukankhirana za amene alipire. Patapita zaka 20, akatswiri anati kuuchotseratu kungadye madola opitirira 600 miliyoni.

Nthawi yonseyi anthu ankagona ndi mantha. Mpweya wa poizoni unkalowa m'nyumba, mabanja ena n'kuika makina oupima. Mu 1981 nthaka inatseguka mwadzidzidzi pansi pa mapazi a mnyamata wa zaka 12 kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Anagwira muzu wa mtengo mpaka msuweni wake anamukoka. Apo m'pamene dziko linatembenuka kuyang'ana. Nyumba ya malamulo ya America inapereka madola 42 miliyoni, osati ozimitsira moto, koma osamutsira anthu. Kusamutsa kunali kotchipa kuposa kuzimitsa, basi.

Mu 1980 munali anthu opitirira pang'ono 1,000. Mu 1990 anatsala 63. Mu 2000 anali 21, mu 2010 anali 10, ndipo mu 2020 anawerengedwa 5. Nyumba iliyonse imene mwini wake wachoka inkagwetsedwa, kotero wotsala ankaona mudzi wake ukutha nyumba ndi nyumba. Nkhani ya kusamuka inadanitsa ngakhale anthu oyandikana nyumba amene anakulira limodzi.

Amene anakana kuchoka anthu amawatcha ouma mutu. Ine sindiwaona choncho. Munthu anabadwira pomwepo, makolo ake agona m'manda a pomwepo, nyumba anailipira ndi thukuta la mumgodi. Sanayatse moto ndi iye, sanasiye ngalande zija ndi iye, sanachedwetse ndalama ndi iye, koma ndi iye akuuzidwa kuti anyamule katundu. Mu 1992 bwanamkubwa wa Pennsylvania, Bob Casey, analamula kuti boma litenge malo onse a m'tawunimo. Mu 2002 a positi anafufuta nambala ya adiresi ya Centralia. Otsalawo analimbana nazo m'makhoti mpaka 2013, pamene anthu 7 analoledwa kukhala m'nyumba zawo mpaka imfa, kenako boma lidzazitenga.

Ndalama zosamutsira anthu zinachokera m'thumba la boma, pomwe phindu la malasha a ku Centralia linali litapita kalekale ndi eni migodi. Akatswiri amati malasha otsala pansipo angathe kuyakabe kwa zaka zina 250, ndipo palibenso amene akuyesa kuuzimitsa motowo.