Mitengo ya ku Kabwe ikadafunsidwa kale

Zikomo alembi. Mfundo yanu yoti makungwa ndi masamba a mitengo angatiuze kuchuluka kwa zitsulo zapoizoni pafupi ndi mafakitale ndagwirizana nayo, koma mwaiwala Kabwe ku Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko udatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero fumbi lochokera pa mulu wa zinyalala zake limagwera m'makomo a ku Kasanda ndi Makululu, ana nkumaseweramo.

Mtengo ubwino wake sudya malipiro, sufuna magetsi, ndipo palibe angaube usiku ngati makina oyezera mpweya. Khungwa lokhakhala limasunga fumbi la zaka zambiri. Koma akatswiri oyeza mitengo asamale: mtovu wa m'nthaka umatsalira kwambiri m'mizu, sukwera wambiri kumasamba. Tsamba lotsuka ndi losatsuka zotsatira zake zimasiyana, ndiye aziyeza onse awiri, pa mitengo ya mtundu umodzi, ina kumene mphepo ikulowera, ina kutali.

Chondidetsa nkhawa nchakuti aboma angayeze makungwa nkusiya kuyeza mtovu m'magazi a ana. Nanga zotsatirazo eni mitengoyo, amene amadya mango ake, adzauzidwa?