Sitiyenera kudikira labotale

Bambo mtolankhani, mwalemba kuti ana sangaphunzire sayansi pochita okha chifukwa sukulu zambiri zilibe labotale. Vutolo ndi loona, koma sindikugwirizana nanu kuti tizingodikira nyumba ndi zipangizo zodula.

Mwana wanga wa Sitandade 7 analoweza tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka n'kumalinena ngati nyimbo, koma sankalimvetsa. Tsiku lina aphunzitsi ake anadula mabotolo awiri apulasitiki, m'limodzi anaikamo dothi lokhalokha, m'linalo dothi lomera udzu, ndipo ana anathira madzi ndi manja awo. M'botolo loyamba munatuluka matope ofiira, pomwe m'lachiwiri munadontha madzi oyererako. Madzulo ake mwanayo anandilozera phiri la Soche, lomwe mitengo yake inatha, n'kundifotokozera yekha mmene matope anagumulira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

Aphunzitsi amene mukuwerenga pano, ndikudziwa kuti makalasi anadzaza kuyambira 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, komanso kuti mayeso a MANEB amakuthamangitsani. Komabe ndikupemphani kuti phunziro limodzi pa sabata lizichitikira panja. Mabotolo ndi mbewu ife makolo tidzabweretsa.