Chenjezo kwa makolo: mwana si wa amalume ake okha

Abambo inu a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth, khalani pansi timvane. Khalidwe lobereka mwana n'kumutula kwa agogo ake ngati katundu lafika ponyansa. Ena mukafunsidwa mumathawira ku mwambo, ati kwathu ana ndi a kuchikazi, awone amalume awo. Mwambowo sunanenepo kuti bambo azimwera ndalama yonse mwana akugona ndi njala. Ndipo kuno ndi ku Zimbabwe. Lamulo la ndalama yosamalira mwana (mentenensi), la Maintenance Act, limagwira amene anabereka, bambo ndi mayi yemwe, kaya munalowana kaya munangokumana kamodzi.

Aliyense amene akusunga mwanayo, mayi, bambo ngakhale gogo, akhoza kupita ku khoti la majisitireti kukadandaula kwa kalaliki, osafunikira loya. Atenge setifiketi ya kubadwa ya mwana, chitupa chake, malisiti, ndi ndandanda ya zomwe mwana amafuna pamwezi: ufa, ndiwo, lendi, fizi, yunifolomu, mankhwala, ndalama yokwerera kombi. Kenaka inu abambo osumiridwa mumalandira samoni. Apa ndiye ambiri mumapusirapo. Mumaing'amba, kapena kuthawira kwa mnzanu ku Chitungwiza, kuyesa kuti mlandu ufa wokha. Sufa. Khoti likhoza kugamula inu kulibe, ndipo mawu anu oti mumapeza zochepa palibe awamve. Pitani ndi pepala la malipiro anu ndi umboni wa ana ena amene mukuwasamala, chifukwa majisitireti amayang'ana zofunika za mwana pamodzi ndi mphamvu ya thumba la kholo lililonse. Mukakayika kuti mwana ndi wanu, pemphani kuyezetsa DNA pamenepo, osati kukalalata kumowa.

Chigamulo chikatuluka, mentenensi ilipidwe mwezi ndi mwezi mpaka mwana akwanitse zaka 18, ndipo khoti likhoza kuwonjezera ngati akadali pasukulu. Wapantchito, khoti limatha kulamula abwana ake kuti azidula ndalamayo malipiro asanafike m'manja. Kusiya dala kulipira ndi mlandu, munthu akhoza kukakhala kundende mpaka chaka chimodzi. Ntchito ikatha, musangokhala chete ngongole n'kumaunjikana. Bwererani kukhoti mukapemphe kuti ndalamayo itsitsidwe. Nawonso amayi akhoza kukapempha kuti ikwezedwe mitengo ikakwera. Polipira siyani umboni, kaya ndi EcoCash, kaya ku banki, kaya lisiti yosainidwa. Ndalama yopatsirana pachipata madzulo, tsiku la mlandu imakanidwa.

Amayi inunso musaseke. Ndalama ya mwana si yogulira tsitsi kapena kubwezera ngongole zanu, ndipo mwana akakhala ndi bambo ake, inu ndi amene mungasumiridwe.

Chomwe chimatiwawa koposa ndi nkhani ya mapepala. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, koma tikuona ana ofika Grade 7, mayeso a ZIMSEC ali pakhomo, alibe setifiketi. Tengani kalata ya kuchipatala kumene anabadwira ndi zitupa zanu, mupite ku ofesi ya Civil Registry, monga ku Makombe Building mu Harare. Ngati simunakwatirane mwalamulo, dzina la bambo silingolembedwa. Bamboyo apite akavomere yekha kuti mwana ndi wake. Ambiri a ife agogo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo tinakula ndi zitupa zolembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, anatsegula khomo: wobadwira kuno malamulowo asanalengezedwe mu Meyi 2013, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iyeyo ankakhala konkuno pa nthawi yolengezayo, ndi nzika yobadwa nayo. Konzani chitupa chanu kaye, apo ayi vuto lanu mulipatsira mwana ndi mdzukulu.

Za sukulu, lamulo la maphunziro lokonzedwa mu 2020 limaletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi kapena mimba, koma ngongole ya fiziyo imakhalabe yanu. Zikathina, kafunseni aphunzitsi aakulu za BEAM, thandizo la boma lolipirira fizi ana osauka, osati kutuma mwana kukagulitsa tomato ku Mbare Musika anzake ali m'kalasi. Kukwatitsa mtsikana wosafika zaka 18 kuti mupepukidwe ndi mlandu pansi pa Marriages Act ya 2022, ndipo kholo lovomereza limaimbidwa mlandu womwewo. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, atanyamula samoni ndi mapepala onse a mwana.