Kupita kuchimbudzi nakonso mpaka kupempha kwa kapitawo?

Amayi ambiri ogwira ntchito m'mafakitale amadzimana dala madzi akumwa. Akudziwa kuti akamwa afuna kukataya madzi, ndipo ukangochoka pamakina tageti yatsalira, kapitawo wakulemba dzina. Ndiye munthu amapirira mkodzo kuyambira m'mawa mpaka pankhomaliro, ali chiimire, malata akuwotcha pamutu. Mapeto ake ndi matenda a m'chikhodzodzo, miyendo kutupa, msana kuphwanya. Akakhala kumwezi ndiye zimanyanya, chifukwa angamuuze bwanji kapitawo wamwamuna, anthu akumva, kuti akufuna kukasintha?

Zimandiwawa chifukwa malamulo alipo. Lamulo la zantchito la 2000 limati ntchito isapitirire maola 48 pa sabata, komanso mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Lina la 1997 limakamba za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito. Koma taganizani za mayi wosankha fodya ku Kanengo, kapena wa m'fakitale ya tiyi ku Thyolo, amene amalembedwa pa nyengo yokha. Sizoni ikatha, sadziwa ngati adzamuitananso. Munthu wotere angadandaule? Ena amamanga mimba ndi chitenje kuti isaoneke msanga.

Mantha amenewa ndiwo amadya munthu kuposa fumbi la fodya. Usiku tulo osabwera, mutu waching'alang'ala, mtima kugunda, BP kukwera. Akaweruka akapezanso madzi osatunga, ana asanadye, lendi ikudikira. Kuchipatala amupatsa panado, mawa lake ali pageti nthawi ya 6 koloko. Ife timangoti mayi uja ndi wolimba, pamene thupi lake likutha.

Za ngozi zikuluzikulu timamva, monga ya kugwa kwa nyumba ya mafakitale ya Rana Plaza ku Bangladesh mu 2013 pomwe anthu oposa 1,100 adafa, ambiri mwa iwo amayi osoka zovala. Za mayi amene impso zake zikuwonongeka pang'onopang'ono palibe amalemba.

Maganizo anga ndi akuti oyendera mafakitale a ku Unduna wa Zantchito asamathere muofesi ya bwana. Akaone zimbudzi za amayi ngati zili ndi madzi ndi zitseko, awerenge mipando, kenako acheze ndi amayiwo paokha, kapitawo ali kutali. Nawo mabungwe a apantchito aike amayi patsogolo pokambirana ndi olemba ntchito, chifukwa abambo ambiri nkhani ya kumwezi saitchula n'komwe pamsonkhano.